TreeMap ikukana boti lomwe ili nalo: yankho kwa achimwene a ku Monkey Bay

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa achimwene ena a ku Monkey Bay amene akulembera gulu la asodzi a padoko lakwawo pulogalamu ya Java. Ali ndi TreeMap, chosungira zinthu mwandondomeko mu Java momwe chilichonse chimapezeka ndi kiyi yake (chizindikiro chofufuzira). Kwa iwo kiyi ndi boti, ndipo maboti amasanjidwa potengera makilogalamu a chambo, lochuluka pamwamba. Akasindikiza map yonse maboti onse akuoneka, koma akati get (kutenga boti) ikubwera null, kutanthauza palibe, containsKey (kufunsa ngati lilimo) nayo ikuti false. "Boti ndikuliona ndi maso angawa," akutero, "nanga kompyuta ikulikana bwanji?" Comparator yawo, kachidutswa ka pulogalamu koyerekeza maboti awiri posanja, ndi iyi:

a.kilo >= b.kilo ? -1 : 1

Achimwene, pamzere umenewu ndi pamene pagona nkhani yonse. Ndikuganiza kuti poyamba munkangofananitsa makilogalamu, kenako tsiku lina maboti awiri anabwera ndi 40 lililonse, limodzi n'kusowa pamndandanda. Ndiye munati bola comparator isamabweze 0. Mabotiwo anabwereradi, koma munatseka khomo lokhalo limene TreeMap imazindikirira kiyi.

TreeMap sifunsa equals kapena hashCode, zimenezo ndi za HashMap, map ina imene sisanja makiyi. TreeMap imasunga makiyi mumtengo wa red-black, momwe kiyi iliyonse imakhala ndi nthambi ya kumanzere ndi ya kumanja, ndipo pofufuza imayambira pamwamba n'kufunsa comparator: kiyi ndikufunayi ndi yaing'ono kapena yaikulu poyerekeza ndi ili panoyi? Yankho likakhala lochepera 0 imakhotera kumanzere, loposa 0 kumanja, ndipo 0 yekha ndiye amatanthauza kuti yapezeka. Comparator yanu, ngakhale muipatse boti lomwelo mbali zonse ziwiri, ikuti -1. Choncho get imafika pabotipo, n'kulidutsa ngati mlendo, mpaka pansi pomwe palibe kanthu. Nayo remove sichotsa kanthu, ndipo put imangowonjezera boti lomwelo kawiri. Kusindikiza kumatheka chifukwa kumangoyenda mtengo wonse osafunsa comparator.

Chofunika n'chakuti makilogalamu akafanana, pakhale chinthu chachiwiri chosiyanitsa, chomwe maboti awiri sangafanane nacho, monga nambala ya boti. Kuyambira Java 8, ya mu 2014, zimenezi n'zosavuta: Comparator.comparingDouble pa makilogalamu, reversed kuti lochuluka likhale pamwamba, kenako thenComparing pa nambala.

Koma musasangalale msanga. Mwanena kuti m'mawa uliwonse maboti akakocheza mumawonjezera makilogalamu a tsikulo pa boti lomwe lili kale mu map. Limeneli ndi vuto lachiwiri, ndipo ndi loipa kuposa loyamba chifukwa limabwera mwa apo ndi apo. Boti linalowa lili ndi 40, linaikidwa kumbali ya ochepa. Lero lili ndi 95, koma TreeMap sidziwa kuti mwasintha kanthu, sisuntha boti. Pofufuza imatsata 95, n'kulowera kumbali ya ochuluka komwe botilo kulibe. Zili ngati munthu wasiya njinga pamsika wa m'tauni ya Mangochi, n'kumakaifuna kutsidya kwa mlatho wa Bakili Muluzi. Pa makiyi 1,000 TreeMap siyang'ana oposa 20, ndiye ikangokhota molakwika kamodzi basi, zatha. Maboti ena amapezekabe mwamwayi, n'chifukwa chake munthu umayamba kukayikira laputopu yako. Ine zinandidyera usiku wonse nthawi ina, magetsi atazima, ndikuwerenga mitengo papepala ndi tochi ya foni.

Mungathe kuchotsa boti ndi remove, kusintha makilogalamu, n'kulibwezera ndi put. Zimagwira, koma tsiku lina wina adzaiwala. Ndikanakhala inu ndikanasiya zoika makilogalamu mu kiyi. Gwiritsani HashMap, kiyi ikhale nambala ya boti imene sisintha, ndipo wapampando akafuna mndandanda madzulo, kopani maboti mu List n'kusanja pomwepo. Maboti a doko limodzi kompyuta imawasanja musanaphethire.

Chenjezo lina laling'ono: osachotsera manambala mu comparator n'kusandutsa yankho kukhala int (nambala yathunthu, yopanda madesimo). 40.7 kuchotsa 40.2 ndi theka, int n'kulidula kukhala 0, maboti awiri n'kusanduka limodzi. Double.compare ilipo.

Musanakonze kanthu, yesani izi kuti muone nokha. Yendani mu keySet (makiyi onse a mu map), kiyi iliyonse muifunse containsKey. Imene yati false muiyerekeze ndi iyo yomwe mu comparator: yankho likapanda kukhala 0, comparator ndiyo yolakwa. Likakhala 0, kawirikawiri ndiye kuti kiyi inasinthidwa ili kale m'kati. Ikani println mu compare kuti muone pamene yakhotera kolakwika. TreeMap sidandaula ayi. Collections.sort nthawi zina imakuwa kuti comparator yaphwanya lamulo, koma TreeMap imangokupatsani null mwaulemu.