Amayi akakuiwalani dzina, atsala ndani?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Matawale, ndipo ndatha masiku asanu ndisanayankhe chifukwa funso lake linandiponda pachilonda. Amayi ake okalamba anayamba kuiwala, moti tsopano amafunsa mwana wawo wobala yekha kuti, "Kodi inu ndinu a kwa yani?" Mayiyu akufuna kudziwa ngati munthu amene waiwala zonse akadali munthu yemwe uja, komanso ngati moyo wonse umene anauvutikira unali ndi phindu.

Achemwali, ine ndinaleredwa ndi agogo anga akuchikazi kufupi ndi Kachulu, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, ndipo atakalamba ndinawatenga kudzakhala nafe ku Chinamwali. Chaka choyamba ankangoiwala pamene aika fodya wawo. Chaka chachitatu dzina langa linatayika, nayamba kunditchula dzina la mlongo wawo amene anapita ku migodi ya ku Joni ali mnyamata nakatchona komweko. Chodabwitsa chinali chakuti za Napolo wa mu 1946, amene anakokolola milatho mu Zomba muno, ankazifotokoza ngati zachitika dzulo, koma mukawafunsa ngati adya, ankakana kwamtuwagalu mbale ili pamiyendo. Madzulo aliwonse ankamanga mkute pa ngodya ya chitenje n'kuubisa pansi pa mphasa, chifukwa m'mutu mwawo njala ya 1949 inali isanathe.

Tsiku lina nyerere zitadzaza m'chipinda ndinawakalipira, ndipo ndinanena mawu amene mpaka lero ndimachita nawo manyazi. Iwo anandiyang'ana mwaulemu, monga mmene munthu amayang'anira mlendo waukali, nati, "Pepani bambo, mwini nyumba akabwera ndimuuza." Mawa lake mayi a kunyumba ankapeta mpunga pakhonde. Agogo anawayang'anitsitsa kwa kanthawi, kenaka anawalanda lichero osanena kanthu, nayamba kupeta, mankhusu akuuluka mbali imodzi, timiyala tikusonkhana kumapeto, dzanja likugunda lichero mwa kayimbidwe komwe kaja ndinkamva ndili mwana. Munthu amene sankadziwa dzina la mudzi wake anapeta mpunga uja osatayapo njere.

Ndili pa yunivesite ku Chirunga tinaphunzira za John Locke, Mngelezi amene kumapeto kwa zaka za m'ma 1600 analemba kuti chimene chimapangitsa munthu kukhala yemweyo dzulo ndi lero ndi kuzindikira kwake, ndipo kuti umunthu wake umafika pokhapo pamene kuzindikira ndi kukumbukira kwake zifika. Nthawi imeneyo ndinkagwedeza mutu movomera. Lero ndikukana, ndipo ndikukanitsitsa. Maganizo amenewa amakoma m'kalasi, koma sapirira ukawatengera pakhonde pamene pakhala nkhalamba. Ine sindikumbukira tsiku ngakhale limodzi limene ndinali kumbuyo kwa agogo, sindikumbukira chikuku chimene chinatsala pang'ono kunditenga ndili ndi zaka ziwiri, komabe palibe angandiuze kuti mwana ujayo sanali ine. Zaka zanga zoyamba anandisungira ndi agogo, ndipo zimene ndimadziwa za izo ndinamva kwa iwo. Tsono zaka zawo zomaliza zitawapulumuka m'manja, zinagwera kwa ine. Akuluakulu ponena kuti kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu, sankanena za kulima kapena maliro okha ayi. Ngakhale kukumbukira kumene, munthu sangakukwanitse yekha.

Mwina n'chifukwa chake mzinda wathu uno umandimvetsa chisoni. Likulu la dziko linasamukira ku Lilongwe mu 1975, Nyumba ya Malamulo inatsalira kuno mpaka 1994, ndipo chimene anatisiyira ndi nyumba zakale ndi mapepala a ku National Archives. Pafupi ndi Cobbe Barracks pali chipilala cha asilikali a King's African Rifles amene anafa pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918. Maminibasi amadutsa pamenepo tsiku lonse, koma ndi angati anatsikapo kuti awerenge dzina limodzi? Nanga amtengatenga aja, amene anasenza katundu wa nkhondo pamutu nafera m'njira, ambiri mwa iwo osalembedwa paliponse? Dzina lolembedwa pa mwala popanda munthu wolitchula ndi louma kuposa agogo anga, amene anataya mayina onse koma anali ndi anthu owaitana m'mawa uliwonse.

Pa za phindu, mundikhululukire, mawuwo sindikuwakonda. Phindu ndi mawu a pa msika wa Mpondabwino, pamene munthu amawerengera madzulo kuti aone ngati geni yayenda. Tikayesa moyo ndi muyeso umenewo, tonse tidzapezeka kuti tinaluza, pakuti palibe amene amapita kumanda ndi zimene akukumbukira. Mpunga umene agogo analima kwa zaka makumi asanu unadyedwa, matemba amene anayanika anatilipirira sukulu, ndipo kuiwala kwawo sikunabweze kanthu kalikonse mwa zimenezi. Mu 1995 ndinaona Chilwa ataphwa, mabwato atakhala pa matope ong'aluka, ndipo nsomba zinapulumukira m'maiwe a mitsinje ngati Likangala mpaka madzi atabwerera. Ndinkadzitonthoza kuti agogo nawonso adzabwerera choncho. Sindikunamizani, achemwali: nyanja inabwerera, koma iwo sanandizindikirenso mpaka tsiku limene tinakawaika.

Tsono muchite chiyani?

Choyamba apititseni amayi anu kuchipatala, chifukwa kuiwala kwina kumadza ndi matenda ochizika, ngakhale kuti mtundu umene dokotala wa ku Germany Alois Alzheimer anaufotokoza mu 1906 ulibe mankhwala ouchiza. Lekani kuwayesa mayeso a "ndine ndani?", chifukwa amangowachititsa mantha. Akakutchulani dzina la munthu wina, vomerani. Apatseni lichero, nyemba zoti asankhe, kapena nyimbo ya kumpingo imene ankaikonda. Sokererani kapepala ka nambala yanu ya foni m'chovala chawo, ndipo uzani anansi ndi amfumu msanga kuti awa ndi matenda, pakuti nkhalamba yopezeka ikuyenda usiku yosokonezeka, kwathu kuno anthu sachedwa kuitcha mfiti. Za mkute wobisa, ife tinangogula kambale kotsekera n'kukaika pafupi ndi mphasa, ndipo nyerere zinatha.