Yankho kwa bambo a ku Ulongué pa kachunidwe ka chipangizo choyezera onga

Bambo, mwalemba kuti alamu anu a ku Johannesburg akutumizirani chipangizo choyezera onga cha RCBS Uniflow, ndipo mukufunsa kachunidwe kake kuti muzidzazanso nokha makoko a zipolopolo za pisitolo imene muli nayo mwachilolezo. Ndiyamba ndi lamulo, chifukwa zimene alamu anuwo amachita ndi zololedwa kumene akukhalako. Ku South Africa lamulo la mfuti la nambala 60 la chaka cha 2000 limalola mwini chilolezo kudzaza zipolopolo za mfuti yakeyo. Kuno kwathu ku Mozambique nkhani za mfuti ndi zipolopolo zili pansi pa lamulo lotchedwa Decreto 8/2007, ndipo zilolezo zimadzera kupolisi ya PRM. Chilolezo chosunga mfuti musachiyese chilolezo chopanga zipolopolo, kapena cholowetsa onga pa malire a Calómuè kapena a Zóbuè. Lembani kalata ku Comando Provincial ya PRM, likulu la apolisi a m'chigawo, mumzinda wa Tete, ndipo musagule onga ngakhale wodzaza supuni yankho lolembedwa lisanafike m'manja mwanu.

Tsono za chipangizocho. Chimene anthu ambiri sachimvetsa n'chakuti chipangizochi sichidziwa kulemera kwa onga. Chili ndi kabowo m'kati mwa chitsulo chozungulira, kabowoko kamadzaza mukakweza chogwirira, n'kukhuthula mukachitsitsa, ndipo wononga (sikuluwu) imene mumapotokola imangokulitsa kapena kuchepetsa kabowoko basi. Mabuku a opanga onga, zipolopolo ndi zipangizo zodzazira, monga a Hodgdon, Lyman, Speer kapena a Somchem a ku South Africa, amapereka mlingo wa kulemera, osati wa kukula kwa malo. Zili ngati chimanga cha pamsika: ndowa ndi yomweyo, koma yogwedeza ndi yosagwedeza sizilemera mofanana. Choncho manambala olembedwa pa wonongayo ndi ongokukumbutsani pamene munasiyira, ndipo woweruza weniweni ndi sikelo. Ngati sikelo yoyenera mulibe, chipangizocho chisiyeni m'katoni mwake.

Sikelo yake ndi yoyeza ma grain. Grain imodzi ndi magalamu 0.0648, ndiye kuti galamu imodzi ili ndi ma grain pafupifupi 15.4, ndipo munthu wosokoneza "gr" (grain) ndi "g" (galamu) angathe kuthira onga wochuluka ka 15 kuposa woyenera. Sikelo yabwino imaonetsa kusiyana kwa 0.1 grain, kumene ndi magalamu 0.0065. Tisikelo ta m'thumba timene ogula golide amayenda nato ku Chifunde ndi ku Macanga nthawi zambiri timalekeza pa magalamu 0.01, ndiponso timawerenga mosinthasintha batire likayamba kutha, motero ine sindingatikhulupirire pa ntchito imeneyi. Sikelo muiike pa thebulo losagwedera, kutali ndi zenera ndi fani, muiyese kaye ndi timiyala take toyesera, ndipo ngati ndi yamagetsi muiyatse kwa kanthawi musanayambe kuti ikhazikike.

Chipangizo chatsopano chimabwera ndi mafuta oteteza dzimbiri, amene amamata onga. Chimasuleni, pukutani chitsulo chozunguliracho ndi kabowo kake mpaka ziume, kenako muchimange molimba pa thebulo. Pa zipolopolo za pisitolo ikani chitsulo cha kabowo kakang'ono, chifukwa chachikulu ndi cha mfuti zazitali ndipo sichigawa bwino mlingo wochepa. Thirani onga mumtsuko wake wapamwambawo kupitirira theka, ndipo usamatsike kwambiri musanaonjezere, popeza kulemera kwa onga wapamwamba kumasintha kadzazidwe ka kabowo. M'miyezi youma ya September ndi October mudzaona timbewu ta onga titakakamira m'mbali mwa pulasitikiyo. Zimenezi zimachepa onga ukayendamo kangapo, n'chifukwa chake milingo 10 yoyambirira muyenera kungoibwezera mumtsuko osaiwerengera.

Mukatero gwetsani mlingo umodzi m'kambale ka sikelo, muuyeze, mupotokole wononga pang'ono, muyezenso, mpaka mufike pa mlingo woyambira umene buku lanena pa onga umenewo, chipolopolo cholemera chomwecho ndi khoko la mtundu womwewo. Ndikunena woyambira, osati wapamwamba. Mangani nati yogwira wonongayo, ndipo muyezenso mutamanga, chifukwa pomanga nati wononga imatha kusuntha. Kenako gwetsani milingo 10, uliwonse pawokha, kuti muone ngati palibe wolumpha, ndipo ina 10 muiyeze pamodzi n'kugawa ndi 10 kuti mupeze pakatikati pake. Apa dzanja ndilo limalakwitsa anthu ambiri. Wokweza chogwirira mwamphamvu ulendo uno, mofatsa ulendo winawo, amapeza milingo yosiyana wononga asanaikhudze n'komwe, choncho sankhani kayendetsedwe kamodzi n'kukasunga. Onga wa timbewu tozungulira umayenda bwino, pamene wa timapepala tophwatalala nthawi zina umatsekerezana pakhosi pa chipangizo, khoko lina n'kulandira wochepa, lotsatira n'kulandira wake ndi wotsalira uja.

Ngozi ziwiri zimene zimaphulitsa mfuti zimachokera pomwepa. Yoyamba ndi kuthira kawiri m'khoko limodzi. Mwachitsanzo, khoko la chipolopolo cha mtundu wa .38 Special linapangidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 onga wakuda udakali wogwiritsidwa ntchito, motero ndi lalitali, ndipo onga wamakono wa pisitolo umangokhala pansi pake penipeni, moti milingo iwiri imakwanamo popanda kusefukira. Yachiwiri ndi khoko lopanda onga kapena la onga wochepa: chipolopolo chimangosuntha n'kutsakamira mumpope wa mfuti, ndipo chotsatira chikachipeza pamenepo mpope umang'ambika m'manja mwa wowomberayo. Mukamva kulira kofowoka powombera, imani pomwepo, muchotse zipolopolo zonse ndi kuyang'ana mumpope. Pa zipolopolo za mtundu wa 9mm vuto limabwera mwa njira ina, chifukwa khoko lake ndi laling'ono, ndipo chipolopolo chikalowetsedwa mozama kuposa mmene buku lanenera mphamvu ya m'kati imakwera msanga ngakhale onga uli woyenera.

N'chifukwa chake makoko odzazidwa muziwaimika onse m'thabwa la mabowo, muwaunike ndi tochi mzere ndi mzere musanaike chipolopolo ngakhale chimodzi, ndipo lililonse looneka lokwera kapena lotsika kuposa anzake mulikhuthule. Mlingo wa 10 uliwonse ubwerere pa sikelo. Foni ikalira kapena mlendo akaodira muli pakati pa mzere, khuthulani mzere wonsewo muyambirenso.

Pa thebulo pazikhala chitini chimodzi chokha cha onga, ndipo mukamaliza wotsala mumtsuko mubwezere m'chitini chake chomwecho tsiku lomwelo, popeza onga wosadziwika dzina sungazindikirike ndi maso ndipo suyenera kugwiritsidwanso ntchito. Onga wakuda wa mfuti za gogodela usayandikire chipangizochi, komanso mitundu iwiri ya onga musaisakanize. Chitinicho chikhale chotseka bwino, pamalo ozizira ndi ouma, kutali ndi mbaula, fodya ndi ana. Kwanuko ku Angónia nyengo yozizira ikuthandizani, koma amene akuwerenga muli ku Tete kapena ku Moatize, kumene kutentha kumapitirira madigiri 40, musachisiye pansi pa denga la malata kapena m'galimoto, chifukwa kutentha kumaononga onga msanga. Onga woonongeka umanunkha mowawasa ndipo nthawi zina umatulutsa fumbi lofiirira ngati dzimbiri mukatsegula chitini.