Za Janet Watson ndi mizere yakuda ya ku Scourie

Amayi, mwati mtsikana wanu wapatsidwa ntchito yolemba za Janet Watson, katswiri wa miyala wa ku Britain, koma pa intaneti akungopeza mndandanda wa mamendulo, ndiye mukufunsa kuti mayiyu anachita chiyani kwenikweni. Mundipirire, nditalikitsako pang'ono.

Anabadwira ku Hampstead, mu London, pa 1 September 1923. Bambo ake, D.M.S. Watson, anali pulofesa ku University College London, katswiri wa mafupa a nyama zamakedzana. Koma mwanayo sanayambire pa miyala. Atatenga digiri ya sayansi ku yunivesite ya Reading mu 1943, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati, anakagwira ntchito pamalo ofufuza za mkaka, komwe ankayeza kakulidwe ka nkhuku. Eya, nkhuku zenizeni. Anaphunzitsako bayoloje pasukulu ina ku Bournemouth, ndipo mu 1945 m'pamene analowa ku Imperial College kukaphunzira za miyala. Anamaliza mu 1947 atakhoza mwapamwamba, n'kupitiriza PhD pansi pa Pulofesa H.H. Read.

Read anamutumiza kumpoto chakumadzulo kwa Scotland, kudera la Scourie. Wophunzira mnzake John Sutton anapita cha kummwera, ku Loch Torridon. Kumeneko kuli miyala yotchedwa Lewisian gneiss, yakale kuposa ina yonse mu Britain. Ina ili ndi zaka pafupifupi 3,000 miliyoni. Ndi miyala yomwe inaphikika pansi penipeni pa nthaka, n'kukanyika ngati dothi la woumba mbiya, mwakuti ukaiyang'ana umangoona mizeremizere yopotana. Miyala ina umaidziwa zaka zake poona zotsalira za zamoyo zomwe zinakwiririkamo. Iyi mulibe olo kachigoba ka nkhono. Makina oyezera zaka za miyala nawo anali asanafike poti n'kuwadalira. Ndiye ungadziwe bwanji chomwe chinayamba ndi chomwe chinatsatira?

Apa ndi pomwe mtsikana wanu ayike mtima. Taganizani khoma la nyumba ya zidina lomwe lang'aluka, mwini wake n'kumata mng'aluwo ndi dothi lakuda. Mzere wakudawo ndi wowongoka. Patapita zaka, mbali imodzi ya khomalo yatitimira, mzere uja wakhota nawo. Mlendo wongodutsa akhoza kuwerenga yekha mbiri yonse: khoma linayamba, mng'alu unatsatira, kutitimira kunabwera pomaliza, ndipo kunakhudza mbali imodzi yokha.

Ku Scourie kuli mizere yotere. Mwala wosungunuka unakwera m'ming'alu n'kuumiramo, wakuda bii, ndipo akatswiri amautcha dyke. Watson ndi Sutton anatsata mizereyi wapansi, nyundo m'manja, akujambula pa mapu. Cha ku Scourie, mzere umadula gneiss mowongoka ngati mpeni, kusonyeza kuti mwalawo unali utaphikika kale n'kuzizira mzerewo usanabwere. Ukangosendera kumpoto cha ku Loch Laxford, mizere yomweyo ndi yopindika, yoduka, yosandulika mwala wina. Ndiye kuti kumeneko kunadutsa kuphikika kwachiwiri. Mu pepala lawo la 1951 anati Lewisian si chinthu chimodzi, muli nyengo ziwiri zolekanitsidwa ndi mizere ija: yoyamba anaitcha Scourian, yachiwiri Laxfordian.

Tisaname, mizereyo sanayambe kuiona ndi iwo. Akatswiri a boma Ben Peach ndi John Horne anali atailemba kale mu lipoti lawo la 1907. Chatsopano chinali kuigwiritsa ntchito ngati chizindikiro cha nthawi kudera lonselo. Makina oyezera zaka atabwera, anavomerezana nawo: mizere yambiri ili ndi zaka pafupifupi 2,400 miliyoni, pomwe kuphikika kwa Laxfordian kunachitika zaka pafupifupi 1,700 miliyoni zapitazo. Masiku ano akatswiri amati mbiri ya Lewisian ndi yopiringizika kuposa pamenepo, koma njirayo inafalikira kulikonse komwe kuli miyala yakale yotere, ndipo maina awiri aja akugwirabe ntchito.

Watson ndi Sutton anakwatirana mu 1949, chaka chomwe anatenga ma PhD awo. Ndiye taonani zaka izi. Sutton anakhala pulofesa mu 1958, mkulu wa dipatimenti mu 1964, membala wa Royal Society, bungwe la akatswiri a sayansi otchuka, mu 1966. Watson, yemwe dzina lake lili pa pepala lomwe lija, anakhala zaka pafupifupi 20 ali wothandizira kafukufuku. Upulofesa unamufika mu 1974, Royal Society mu 1979. Ine ndikamaziwerenga zimandiwawa ndithu. Sindikuti bamboyo sanayenere, anali katswiri weniweni, koma pepala limodzi silingakweze wina msanga chonchi n'kumusiya mnzake pakhomo popanda chifukwa. M'zaka zimenezo mayiyu sanangokhala: pamodzi ndi Read analemba Introduction to Geology, buku lomwe linatuluka mu 1962 ndipo linaphunzitsa ophunzira ambiri. Analinso ndi chisoni chake, poti ana awo awiri aakazi anamwalira pobadwa.

Mu 1982 anasankhidwa kukhala pulezidenti wa Geological Society of London, bungwe la akatswiri a miyala, mayi woyamba pa mpandowo. Bungweli linayamba mu 1807 ndipo amayi linayamba kuwalola kukhala mamembala mu 1919, ndiye werengani nokha zaka zomwe zinadutsa. Anatsika pa mpando mu 1984, n'kumwalira pa 29 March 1985 ali ndi zaka 61.

Kanthu kena koti mtsikana wanu awonjezere, komwe anzake m'kalasi mwina sakapeza: m'zaka za m'ma 1950 Watson ndi Sutton anafika ku Tanganyika (lero ndi Tanzania) n'kufufuza miyala ya ku Karema, m'mbali mwa nyanja ya Tanganyika. Miyala ya kumeneko ili mu mzere waukulu wa Ubendian, womwe umatsika mpaka kumpoto kwa Malawi, cha ku Misuku. Mumuuzenso ajambule khoma lija kawiri, lina la mzere wowongoka, lina la mzere wokhota, alembe Scourie pansi pa loyamba ndi Laxford pansi pa lachiwiri. Mamendulo akwane mu ndime imodzi yomaliza basi.