Za khadi la anganga ku Thekerani

Achemwali, mwafunsa kuti inu muli ku Joni, anganga ali ku Thekerani ndi khadi lolandirira chimanga cha boma, ndiye mudziwa bwanji kuti zawo zikuwafikadi. Ine ndine wa kwa Goliati, ndipo ndakhala ndikuperekeza mayi anga aang'ono kolandirira kuyambira chaka cha namondwe wa Freddy, 2023.

Muyambe mwafunsa kuti khadilo ndi la chiyani, paja kumudzi zonse timangoti "za boma". Chimanga cha nthawi ya njala chimadzera ku DoDMA (nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi), nthawi zambiri thumba la makilogalamu 50 pa banja pamwezi, ndipo chimangokhala cha miyezi yowerengeka anthu asanayambe kukolola. Mtukula Pakhomo ndi nkhani ina: ndi ndalama, inayambira ku Mchinji mu 2006, ndipo pamakhala kangachepe kowonjezera ngati pakhomo pali ana a sukulu. Mukasakaniza ziwirizi mudzakangana ndi anthu osalakwa, kumati wina wadya chimanga cha Meyi pomwe kugawa kunatha kalekale.

Chachikulu ndi kope. Kope wamba la ana a sukulu. Mdzukulu wodziwa kulemba azilembamo tsiku lomwe alandira, malo ake, chomwe alandira, amene anawaperekeza ndi ndalama ya kabaza. Thumba likafika pakhomo aliyeze ndi ndowa, lodzadza bwino limatulutsa pafupifupi ndowa zitatu. Zikuoneka zachibwana, koma ife kopeli linatiombola. Mwezi wina mayi aang'ono anadwala mwendo, khadi anapatsira wachibale wina kuti akawalandirire. Anabwera chimanjamanja, akuti galimoto sinafike. Mwezi wotsatira titafika pabwalo la sukulu pomwe amagawira, ndinapempha kuona ndandanda, ndipo pa dzina lawo panali patadindidwa kale chala. Tinapita ndi kope kwa a komiti ya m'mudzi, a mfumu ali pomwepo. Wachibale uja anangoti zyoli, nabweza ndowa ziwiri. Yachitatu inali itapita kale kuchigayo.

Chichokereni tsikulo khadi siligona pakhomo pa munthu wina. Limakhala m'kapepala kapulasitiki ka shuga pamodzi ndi chiphaso cha unzika, kenako m'Baibulo, chifukwa denga la udzu mvula ya kuno simasewera nalo. Mulijambule pafoni mbali zonse ziwiri, muonenso ngati dzina lalembedwa chimodzimodzi pa khadi ndi pa chiphaso. Amayi ambiri kwinaku analembetsa dzina la bambo awo, kwinaku la amuna awo, ndiye tsiku lolandira amangowaimika pambali dzuwa lonse.

Muwauzenso anganga kuti asadinde chala asanaone thumba, kapena asanawerenge ndalama m'manja. Achikulire amachita manyazi kuwerenga pamaso pa ogawa, ati kukhala ngati ukuwayesa akuba. Awerenge basi. Ngati ndalama zikubwera pafoni, nambala yachinsinsi isakhale yodziwa mudzi wonse, ndipo uthenga wolowera ndalama asaufufute.

Za katapila ndinene mosabisa: alipo anthu omwe amakongoza agogo ndalama n'kugwira khadi ngati chikole, tsiku lolandira n'kukaima kuseri kwa mpanda kudikirira. Mukamva anganga akuzengereza kukuuzani komwe kuli khadi, yambirani pamenepo. Koma kugawana nako kulipo, musafulumire kupsa mtima. Thumba limodzi limatha kudyetsa makomo atatu chifukwa anganga sangaphike nsima ana a mnansi akuyang'ana. Ngati agawa okha mwa kufuna kwawo, zilembedwe m'kope. Ngati wina wawalamula kuti achotse ndowa "ya a mfumu" kapena "ya olemba mayina", imeneyo mukaitule ku komiti, ikakanika kumeneko pitani ku ofesi ya DC ku Thyolo boma.

Inuyo muziimba madzulo a tsiku lomwe agawa, osati patatha sabata. Mukatha kulonjerana ndi anganga, apatsire foni mdzukulu uja akuwerengereni zomwe walemba.