Abwana akufuna kulowa m'mafoni a antchito

Imelo yomwe ndalandira sabata ino yandigwira pamtima, moti zomwe ndimafuna kulemba ndaziika kaye padera. Achimwene ena oyang'anira makompyuta pa bungwe lina laling'ono ku Area 47 akuti abwana awalamula kuika pulogalamu yoyang'anira zipangizo, ija timangoti MDM, m'malaputopu ndi m'mafoni a antchito onse, ngakhale mafoni amene anthu anagula ndi ndalama zawo. Akufunsa kuti ayambire pati.

Achimwene, ndiloleni ndidandaule kaye.

Ndinagwirapo ntchito pa bungwe lina kuno ku Lilongwe lomwe linkatumiza achinyamata kukachita kafukufuku kumidzi ya ku Dowa ndi ku Mchinji. Aliyense ankanyamula tabuleti yokhala ndi KoboCollect, pulogalamu yodzazira mafomu a kafukufuku. Pobwerako, tabuleti ili thoo ndi mafilimu, nyimbo za kwaya ndi masewera a ana, bandulo yotumizira mafomu yathera pa Facebook. Zimenezo zinali zazing'ono. Mnyamata amene anakonza matabuletiwo ine ndisanalembedwe ntchito anawalowetsa onse pa Gmail yake, kenako anayambana ndi abwana n'kuchoka osatsanzika. Kuyambira pa Android 5.1, chipangizo mukachifufuta mokakamiza chimafunsa akaunti ya Google yomwe inalimo kale, pofuna kugwiritsa mwala akuba. Akubawo tinasanduka ifeyo, eni ake. Matabuleti anangounjikana m'kabati, ena nsalu ya kangaude n'kuyala, mpaka abwana anandituma ku Malangalanga kuti anyamata okonza mafoni akawatsegule. Tangoganizani, zipangizo zosunga mayina a amayi oyembekezera zili pa benchi ya pamsika pakati pa machaja ndi mabatire otupa.

Tsono nditapita kukapempha ndalama za MDM, ndinafotokoza bwinobwino. Tizitha kutseka tabuleti kuti izitsegula pulogalamu imodzi yokha, kutumiza mapulogalamu ku zipangizo zonse nthawi imodzi tili muofesi, kukakamiza aliyense kuika PIN, ndiponso kufufuta yomwe yabedwa m'minibasi ikangolumikizana ndi intaneti. Abwana anamvetsera, maso n'kuwala, kenako anafunsa funso limodzi lokha: “Ndiye kuti ma WhatsApp awo ndiziwaona?”

Funso limeneli ndi lomwe ndikulimva kuseri kwa imelo yanu. Mwina ndikuwanamizira abwana anu, koma ndakhala m'misonkhano yotere kokwanira. Ndinene mosapsatira mawu: bwana wofuna MDM kuti azisuzumira antchito vuto lake si zipangizo, ndipo wa makompyuta wovomera kumuthandiza wadzigulitsa motchipa. Foni ya Mmalawi muli Airtel Money kapena Mpamba, muli gulu la banki mkhonde, gulu la kumpingo, zithunzi za chinkhoswe, mauthenga a kuchipatala. Munthu anaigula movutikira, bandulo amagula yekha, ndiye bungwe lomwe silinaikepo ngakhale tambala likhale ndi mphamvu yoifufuta? Ayi ndithu. Komanso tili ndi Data Protection Act ya 2024, yomwe inapatsa MACRA udindo woyang'anira kasungidwe ka zinsinsi za anthu. Antchito nawonso ndi anthu.

Chodabwitsa n'chakuti mapulogalamu odalirika sachita n'komwe zomwe mabwanawa amalota. Microsoft imanena poyera kuti Intune, pulogalamu yake ya MDM, sionetsa bungwe mauthenga, zithunzi, manambala omwe munthu waimbira kapena masamba a pa intaneti omwe watsegula. Chomwe mumaona ndi mtundu wa foni, Android kapena iOS yomwe ilimo, ndi mapulogalamu a ntchito. Koma kafotokozereni zimenezi dalaivala amene wangomva kuti “a IT aika kanthu m'foni”. Mawa lake agula kafoni kena ka mabatani, yeniyeniyo azisiya kunyumba.

Ndisaiwale za ndalama, poti anzathu olemba malangizo kunja saziganizira. Malaisensi a mapulogalamuwa amalipiridwa m'madola mwezi ndi mwezi, ndipo aliyense akukumbukira mmene kwacha inagwera ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Bajeti yomwe munalemba mu Januwale imafika Disembala itaonda. Onjezani bandulo: mukalamula kuti malaputopu onse alandire update ya Windows Lolemba m'mawa, wina ali ku Mitundu pa hotspot ya foni yake, magetsi a ESCOM anathima usiku, ndipo wotukwanidwa mukhala inuyo. Nanga malaputopu ogula mothamanga ku Old Town aja? Ambiri amabwera ndi Windows Home, yomwe siilola kulumikizidwa mokwanira ku akaunti za bungwe. Ena akadali pa Windows 10, yomwe Microsoft inasiya kuithandiza pa 14 Okutobala 2025. Pulogalamu yoyang'anira siichiritsa zimenezi, imangokuonetsani kukula kwa chilonda.

Nanga muyambire pati?

Yambani ndi kaundula: chipangizo chilichonse cha bungwe, nambala yake, amene ali nacho, ndi akaunti yomwe ilimo. Kenako funsani zomwe mukulipira kale. Ngati muli pa Microsoft 365 Business Premium, Intune ili momwemo. Ngati muli pa Google Workspace, nayo ili ndi njira yake yoyang'anira mafoni. Zipangizo za bungwe zilembetseni kwathunthu, muyambe ndi zisanu zokha muone mmene zikuyendera. Pa mafoni a eni ake musapyole work profile ya Android, yomwe imapatula kachipinda ka ntchito kokha, koti munthu akachoka mumafufuta komweko basi. Dziwani kuti mafoni otchipa a Android Go salola zimenezi, ndiye amene ali nawo bungwe liwagulire a ntchito. Wokana asakakamizidwe.

Lembani tsamba limodzi, m'Chichewa chomveka, lonena zomwe mutha kuona ndi zomwe simungaone, abwana asaine poyamba. Ndipo akaunti ya admin ikhale m'dzina la bungwe, ndi munthu wachiwiri wodalirika wodziwa kulowamo. Abwana akafunsa za WhatsApp mundilemberenso, chifukwa pamenepo ndili ndi zambiri zoti ndinene.