Funso lako lija loti kodi mwana amaiwala

Eee, msuweni, ndi ine. Uthenga wako ndauona m'mawa uno, koma ndati ayi, izi si zolemba ndi zala, bola ndingoyankhula. Enanu pagulupu mukhoza kumvera nawo... koma achimwene aakulu, chonde, zanu zija zoti "ife tinkakwapulidwa koma tinakula bwinobwino" lero muzisunge kaye m'thumba. Tidzakambirana tsiku lina.

Ndiye wafunsa kuti... dikira ndiwerenge mmene walembera... "Kodi mwana amene anaona nkhanza ali ndi zaka 3 amadzaiwala akakula?" Basi, kamzere kamodzi, 2 koloko usiku. Iwe amene 8 koloko ikangokwana umakhala utayamba kale kuliza nkonono, moti tili ana tinkachita kukugubuduza osadzuka. Nanga 2 koloko unkatani m'maso? Ndikudziwa. Kamnyamata ka malemu asisi kakodzanso pogona, wasintha zofunda, kenako tulo takukana.

Chabwino. Za kuiwalazo, mwachidule: ambirife sitikumbukira zimene zinachitika tisanakwanitse zaka 3 kapena 4, kukumbukira koti n'kufotokoza ngati nkhani. Ngakhale okulirapo ena amaiwala. Ku America, Linda Williams anafufuza amayi 129 amene chipatala chinali ndi umboni woti anagwiriridwa ali ana. Atacheza nawo patapita zaka pafupifupi 17, amayi 38 pa 100 aliwonse sanaitchule n'komwe nkhaniyo. Analemba zimenezi mu 1994. Ndiye inde, mutu ukhoza kuiwala. Koma thupi... aaa, thupi lili ndi kakumbukidwe kakekake. Wofufuza wina wa ku America, Seth Pollak, ankaonetsa ana zithunzi za nkhope zosaoneka bwino, n'kumaziwalitsa pang'onopang'ono. Ana amene anamenyedwapo ankazindikira nkhope yokwiya msanga, anzawo asanaone chilichonse. Ku London, mu 2011, Eamon McCrory ndi anzake anajambula ubongo wa ana ochokera m'nyumba za nkhanza. Akaona nkhope yokwiya, kachigawo kamene kamachenjeza za ngozi, amati amygdala, kankagunda mofanana ndi mmene kamachitira mwa asilikali amene anakhalapo kunkhondo. Ndiye ukangochita tsinya chifukwa cha mutu wako wowawa uja, iye waliona kale tsinyalo, wakonzeka kuthawa.

Koma iwe si zimenezi ukufunsa. Dikira, ndifika.

Ukuwakumbukira malume anga a mawailesi aja? Iwe unkati bambo aang'ono. Eya. Unaonapo mmene ankakhalira? Pamwambo uliwonse, m'nyumba ya aliyense, iwo mpando wawo woyang'ana kukhomo. Ukawapatsa wina, ankautembenuza mwakachetechete. Ife tinkati ndi khalidwe lawo chabe. Amuna akayamba kukwezerana mawu, ngakhale pa nkhani ya mpira, iwo nyamu, ati akukaona ngati kunja kuli mvula. Kunja dzuwa lili phwee. Ndipo chipsera chakuseri kwa khutu chija, agogo ankati anagwa mumtengo. Tonse pano tikudziwa kuti sunali mtengo. Chaka cha chitseko chija, bambo owapeza aja asanachoke... basi, ndisapitirire, amayi ali pagulupu.

Ndinali ndi zaka 9... ayi, 10, chifukwa chinali chaka chimene agogo anagonekedwa kachiwiri. Malume anali atatsegula wailesi ya munthu, tizipangizo atatiyala pansalu yoyera, kalikonse pamalo pake. Anandiuza kawiri kuti usakhudze. Ine, mukundidziwa, ndinkafuna ndione chimene chimayankhula m'katimo. Ndinakoka nsalu ija pang'ono, wailesi yonse pansi, khoo! Galasi lakutsogolo linasweka pakati.

Msuweni, dzanja lawo linakwera. Ndinaliona ndi maso angawa, linafika apa, pamwamba pa phewa. Kenako linayamba kunjenjemera. Nkhope yawo sinali yaukali ayi, inali ya munthu wamantha, ngati amene akufuna kumenyedwayo ndi iwo. Analitsitsa, n'kulilowetsa m'thumba la buluku ngati akubisa chinthu chakuba, n'kutuluka. Ola lathunthu kulibe. Ine ndili pakona, ndikudikira chibalo changa. Atabwera anakoka kampando, akuti, "Khala apa. Poti wafuna kuona zam'kati, uziona bwinobwino." Tsiku limenelo ndi limene anandiphunzitsa kugwira chowotcherera mawaya. Fungo la mtovu wosungunuka ndikalimva mpaka lero ndimaona dzanja lija likulowa m'thumba.

Patapita zaka zambiri, akudwala kale, ndinawafunsa. Sanafotokoze zambiri, mukudziwa sanali oyankhula. Anangoti kusukulu kunali aphunzitsi ena amene ankawasiya atsale m'kalasi anzawo akaweruka. Ati kusesa, koma kusesa kwake kwa mphindi zisanu, kenako aphunzitsiwo akuchonga makope, iwo ali phee pambali akumasula kawotchi kakufa kamene anawapatsa. Zaka zitatu, tsiku lililonse. Akuti, "Sanandifunsepo kuti kunyumba kukuchitika chiyani. Ankangondisungira mpando." Mawu amenewo... pepani, ndiime kaye.

Eya. Ndabwera.

Sindikunena kuti malume anachira n'kukhala ngati palibe chinachitika. Tulo sankagona bwino mpaka imfa yawo, ndipo zaka za mowa zija tonse tinaziona. Ofufuza anazipezanso zimenezi. Dokotala wina ku San Diego, Vincent Felitti, pamodzi ndi Robert Anda, anafunsa akuluakulu pafupifupi 17,000 za ubwana wawo: kumenyedwa, kunyozedwa, kugwiriridwa, kusowa wokusamala, kuona mayi ako akumenyedwa, kukula ndi chidakwa m'nyumba. Zotsatira zoyamba zinatuluka mu 1998. Pafupifupi awiri mwa atatu aliwonse anakumanapo ndi chimodzi. Ndipo mavutowo akachuluka, makamaka kuyambira anayi kupita m'tsogolo, chiopsezo cha matenda a maganizo, uchidakwa, kufuna kudzipha, ngakhale matenda a mtima, chinkakwera nawo. Achimwene, mwamva? Matenda a mtima. Thupi likakhala tcheru zaka ndi zaka, limatopa.

Koma chiopsezo si chiweruzo, ndipo apa ndi pamene ndimafuna ndifike. Iwe msuweni, chimene chinakudzutsa 2 koloko si nkhani ya kuiwala. Sabata yatha unandiuza kuti anakankha mnzake kusukulu, ndipo mmene anakuyang'anira unaona maso a bambo ake. Ukufunsa ngati adzakhale ngati munthu uja. Ukufunsanso ngati kuchapa zofunda konseku, kuugwira mtima konseku, kuli ndi phindu kapena ukutungira madzi m'dengu.

Kuli ndi phindu. Joan Kaufman ndi Edward Zigler a ku Yale, mu 1987, ataunika kafukufuku amene analipo, anapeza kuti mwa anthu ozunzidwa ali ana, pafupifupi 30 pa 100 ndi amene amadzazunza ana awo. Ndi ambiri, inde, koma tembenuza: ochuluka sachita. Ndiye pali Emmy Werner, amene anatsatira ana 698 obadwa mu 1955 pachilumba cha Kauai ku Hawaii, kuyambira ali makanda mpaka zaka 40. Mwa ana amene anakulira m'mavuto aakulu, mmodzi mwa atatu anakula bwinobwino, wodalirika, wachikondi. Atafufuza kuti anasiyana pati ndi anzawo, chinthu chimene chinkabwerabwera chinali chakuti panali munthu wamkulu mmodzi, agogo, azakhali, mphunzitsi, amene anawagwira dzanja osawataya. Enanso amene anasokonekera ali achinyamata anadzakhazikika atakula. Ndiye mwanayo safunika kuiwala kuti adzakhale bwino. Akufunika munthu mmodzi wosachoka, ndipo panopa munthuyo ndi iwe.

Tsono tizinthu tingapo, poti ndikudziwa ufunsa. Kukodza pogonako sakuchitira dala, usamuchititse manyazi pamaso pa ana ako, ndipo kuchipatala akamuoneko kuti mwina palibe vuto lina m'thupi. Usamupanikize ndi mafunso oti "bambo ako ankakutani". Akayamba yekha, mvetsera, umukhulupirire, umuuze kuti sanalakwe ndi iye. Ukamachoka uzimuuza nthawi imene ubwere, ndipo uzibweradi nthawi imeneyo... iwe ndi nthawi, hmm, apa ndiye uyesetse, msuweni, "ndili panjira" wako uja mwanayu sangamumvetse. Akalakwa mudzudzule ndithu, malire akhalepo, koma popanda dzanja, popanda kumuopseza kuti ndikubweza kwa bambo ako. Mawu amenewo asatuluke ngakhale mwanthabwala. Ndipo maloto oipa aja akapitirira, funsa za aphungu odziwa za ana. Pali chithandizo china cha uphungu, amati TF-CBT, chimene anachiyesa kambiri pa ana ozunzidwa n'kuona kuti chimathandiza, ndipo womulera amakhala nawo m'maphunzirowo, sasiyidwa panja.

Unandiuzanso kuti tsiku lija unamukalipira kwambiri, kenako unakalira kubafa. Tamvera. Malume dzanja linakwera. Chimene ine ndinatenga si kukwera kwa dzanjalo, koma kuti anabwerera n'kundikokera mpando. Ukapsa mtima, tuluka, upume, ubwerere, umuuze kuti ndinakalipa mopitirira, pepa, ndilipo. Mwana amene anazolowera kuti mkwiyo umathera m'magazi akuphunzira kwa iwe kuti ukhozanso kuthera pa "pepa". Asaiwale zakale, palibe kanthu, bola pamwamba pa zakalezo aziunjikapo masiku ambirimbiri amene mayi ake aang'ono anabwerera.

Enanu musamusiyire yekha msuweni wangayu. Wolera naye amafuna womugwira. Achimwene, Loweruka mukamutenge mnyamatayo, mukamuonetse mmene mumakonzera njinga, iye apumeko. Bokosi la zipangizo la malume lili kwa ine, nditumiza, muli kawotchi kakufa m'menemo koti azimasula.

Iii, ndayankhula mphindi zingati? Batire yatsala pang'ono. Ndikuti, usadikire kuti aiwale, iwe ingokhalapo, mawa ndi mkuja, monga ukuchitiramu. Akagona undiimbire, ndikhala m'maso. Ukatero ukagone, 8 koloko yako ija ibwerere.