Musanagule softener, yezetsani madziwo kaye

Mayi, mwafunsa ngati mugule softener (makina ochotsa m'madzi zimene zimasiya zoyera m'ketulo) kapena fyuluta, popeza madzi a pampopi akusiya zoyera zolimba pansi pa ketulo, sopo sakuchita thovu, ndipo madziwo akumveka fungo la klorini. Mavuto mwatchulawa ndi awiri osiyana, ndipo chipangizo chimodzi sichingawathetse onse.

Zoyera za m'ketulozo zimachokera ku kashiamu ndi magineziyamu amene ali m'madzimo. Amenewa sadwalitsa munthu, koma amatseka timabowo ta shawa ndi kumatirira pa chitsulo chotenthetsera madzi mu giza, moti magetsi amatha ambiri pa ntchito yomweyo. Musanatulutse ndalama, pemphani bungwe limene limakupatsani madzi kuti likuuzeni muyeso wa kashiamu ndi magineziyamu m'madziwo, kapena muyeze nokha ndi timapepala toviika. Muyeso ukakhala pansi pa mamiligalamu 60 pa lita palibe vuto, ukapitirira 120 ndiye softener iyamba kukhala ndi phindu, ndipo pamwamba pa 180 vutolo ndi lalikulu ndithu.

Softener yeniyeni ili ndi thanki yodzaza ndi timikanda ta resin (mtundu wa pulasitiki), timene timagwira kashiamu ndi magineziyamu n'kutulutsa sodiyamu m'malo mwake. Timikandato tikakhuta, makinawo amatitsuka ndi madzi a mchere, n'chifukwa chake mudzafunika kumagula mchere nthawi zonse komanso kukhala ndi paipi yotayira madzi pafupi. Kukula kwake muwerengere motere: ngati m'nyumba muli anthu anayi, aliyense akugwiritsa ntchito malita 150 pa tsiku, ndipo muyeso ndi 250, ndiye kuti makinawo azigwira magalamu 150 tsiku lililonse, kapena kuti 1,050 pa sabata. Ine ndingasankhe amene amadzitsuka potengera madzi amene adutsa, osati oyendera wotchi, chifukwa a wotchi amawononga mchere ndi madzi ngakhale inu muli paulendo.

Tizipangizo ta maginito tomangirira pa paipi, ngakhale ogulitsa atitamande chotani, sitichotsa kashiamu m'madzi. Nazonso zipangizo zina zimene amati sizifuna mchere zimangochepetsa kumatirira, koma thovu la sopo silisintha kwenikweni.

Nkhani ya klorini ndi ya fyuluta ya makala, ndipo fyulutayo iikidwe madzi asanalowe mu softener, pakuti klorini amawononga timikanda tija pang'onopang'ono. Ngati madzi amabwera ofiira mapaipi akakonzedwa, yambani ndi fyuluta yogwira zinyalala ya mamaikroni 5 (umenewu ndi muyeso wa kuchepa kwa timabowo take). Ine ndinachedwapo kusintha yanga, ndipo nditaitulutsa inali yoterera ngati dongo, pamene shawa inali itayamba kale kungodontha.

Chimene ambiri amaiwala ndi madzi akumwa. Pa mamiligalamu 100 alionse amene softener yachotsa, imaonjezera pafupifupi mamiligalamu 46 a sodiyamu. Choncho ngati m'nyumbamo muli wodwala BP kapena khanda lomwa mkaka wa m'chitini, muuze pulambala kuti madzi opita ku mpopi wa kukhitchini ndi wa kudimba asamadutse mu softener. Mukafuna kuti madzi akumwawo akhale oyera kwambiri, ikani reverse osmosis (sefa yochotsa ngakhale mchere wosungunuka m'madzi) pansi pa sinki, ngakhale kuti imataya madzi ena posefa. Pa bokosi yang'anani chizindikiro chosonyeza kuti chipangizocho chinayesedwa: NSF/ANSI 44 ngati ndi softener, 42 pa fyuluta ya klorini, ndi 58 pa reverse osmosis.